Muzura, Kalonga Amene Mbiri Yake Inasungidwa ndi Adani Ake

Mlendo aliyense amene wafika pa mwambo uno wamva dzina la Kalonga likutchulidwa kambirimbiri, m'nyimbo, m'malonje ndi m'mawu a mafumu. Limeneli ndi dzina la mpando, ndipo anthu amene anakhalapo pa mpandowo ndi ambiri. Ena timawakumbukira chifukwa cha ulendo wochokera ku Uluwa, ena chifukwa cha midzi imene anamanga kufupi ndi nyanja. Koma alipo mmodzi amene mbiri yake inayenda njira yachilendo. M'nkhani zimene akuluakulu amakamba pabwalo samveka kwenikweni. Ntchito zake zinalembedwa ndi anthu amene anachita naye malonda namenyananso naye nkhondo, m'makalata a Chipwitikizi otumizidwa ku Goa ndi ku Lisbon pafupifupi zaka 400 zapitazo. Apwitikiziwo ankalemba dzina lake kuti Muzura. M'mabuku ena a sukulu mumampeza akutchedwa Masula kapena Mazura.

Ife a kuno kwa Mfumu Pembamoyo, dziko limene kale linali m'boma la Chadiza ndipo lero lili m'boma la Vubwi, tikhala pamphambano ya maiko atatu. Munthu atha kudzuka m'Zambia, nakaona maliro m'Malawi, nakagona kwa malume ake m'Mozambique, osasintha chilankhulo ngakhale pang'ono. Malire amene amatigawawa ndi adzulodzulo: a pakati pa ife ndi Mozambique anachokera m'pangano la Angelezi ndi Apwitikizi la mu 1891. M'masiku a Muzura kunalibe mzere uliwonse. Kuchokera ku Kapoche kufika kunyanja, ndi kutsika ndi Shire mpaka ku Zambezi, linali dziko la anthu amodzi amene alendo ankawatcha Amaravi.

Dziko limene anakuliramo

Pofika zaka za m'ma 1530 Apwitikizi anali atakhazikika pa Sena ndi pa Tete. Mtima wawo unali kutsidya la kummwera kwa Zambezi, kwa Mwenemutapa, kumene kunali golide. Kutsidya lino ankafunako minyanga ya njovu, chakudya ndi anthu onyamula katundu. Kwa nthawi yaitali sanalabadire kwenikweni mafumu a kumpoto. Anadzidzimuka mu 1592, pamene ankhondo otchedwa Azimba anapha mkulu wa asilikali wa pa Sena, André de Santiago, ndi mnzake wa pa Tete, Pedro Fernandes de Chaves, pamodzi ndi anthu awo ambiri. Chaka chotsatira gulu lina lalikulu linabwera kudzalipsira, koma linalephera kugwetsa linga la Azimba ndipo linabwerera ndi manyazi. Wansembe João dos Santos, m'buku lake losindikizidwa mu 1609, anawajambula Azimba ngati anthu odya anzawo amene anasakaza mpaka ku Kilwa ndi ku Mombasa. Akatswiri ambiri a mbiri lero amaona kuti mantha anakometsera nkhaniyo, ndipo amati Azimba a m'chigwa cha Zambezi anali ankhondo a Lundu, mfumu ya Amang'anja a kumunsi kwa Shire, mbale wa Kalonga yemwe, wa mfunda wa Phiri.

Muzura anatulukira m'fumbi la nkhondo zimenezi. Za kubadwa kwake pali mawu amene ambiri a ife sitingawalandire mosavuta. Bambo António Gomes, wa gulu la Ajezuiti, analemba mu 1648 kuti Muzura poyamba anali munthu wotumikira Mpwitikizi wina, ndipo anachoka nakasonkhanitsa anthu akeake mpaka anakhala mfumu yoopedwa. Pa Chichewa nkhani yotere ndi yolemera. Mwana ndi wa kwa amake. Kalonga ayenera kubadwa mwa Nyangu, mayi wa ufumu wa a Phiri, monganso mkazi wake wamkulu, Mwali, achokera kwa a Banda. Tsono munthu wochokera pakhomo la mlendo akanakhala bwanji pa mpando?

Apa ophunzira anagawikana. Edward Alpers anamtenga Muzura ngati Kalonga weniweni. Malyn Newitt, polemba mu 1982, anati anali mfumu ina yapadera imene inadzimangira ufumu wake ndi mkondo. Ife tikumbukire zinthu ziwiri. Choyamba, Gomes analemba zimene anamva kwa Apwitikizi anzake, anthu amene Muzura anali atawachititsa manyazi, ndipo kunyoza chiyambi cha mdani ndi khalidwe lakale. Chachiwiri, makolo athu amasimba kuti Undi pochoka ku Mankhamba atakangana za ufumu anatenga Nyangu ndi mbumba yonse napita nayo ku Mano, m'dera la mtsinje wa Kapoche, kutsidya kwa malire athuwa. Ngati mbumba yobala mafumu inali kwa Undi, kunyanja kunatsala mpando wosowa mwini woonekeratu. M'nyengo yotere munthu wamphamvu, wodziwa njira za alendo ndi mfuti zawo, atha kukwera msanga. Mwina n'chifukwa chake osunga mibadwo ya mafumu sanamuimbire nyimbo zambiri. Iwo amawerenga za mimba imene munthu anabadwamo, pamene Apwitikizi ankawerenga mikondo imene ali nayo.

Mikondoyo inali yambiri. Mu 1607 Mwenemutapa Gatsi Rusere, atapanikizidwa ndi anthu omuukira, anapereka migodi ya m'dziko lake kwa mfumu ya Apwitikizi kudzera mwa Diogo Simões Madeira wa pa Tete, kuti amthandize. Koma Apwitikizi m'chigwa chonse anali ochepa kwambiri, ndipo nkhondo zawo zinkamenyedwa ndi anthu akuda. Mu 1608 Muzura anatumiza ankhondo 4,000 kuwoloka Zambezi kukathandiza Madeira ndi Gatsi Rusere. Taganizani za chiwerengero chimenecho. Kusonkhanitsa amuna 4,000, kuwadyetsa panjira, kuwapezera mabwato owolokera mtsinje waukulu ngati uja, zonsezi zifuna mfumu imene mafumu aang'ono amaimvera, ndi nkhokwe zodzaza mapira.

Mlendo wa mu 1616

Chaka chimene timamuona Muzura bwino koposa ndi 1616, chaka chomwe William Shakespeare anamwalira ku England, zaka 36 Jan van Riebeeck asanafike ku Cape. Madeira anali atamanga linga ku Chicova, kumtunda kwa Tete, kumene ankakhulupirira kuti kuli mgodi wa siliva. Anapeza miyala ingapo ya siliva ndipo anafuna kuti ikafike m'manja mwa mfumu yake, imene pa nthawiyo inkakhala ku Spain popeza maufumu a Spain ndi Portugal anali pansi pa munthu mmodzi kuyambira mu 1580 mpaka mu 1640. Vuto linali lakuti akuluakulu a boma pa chilumba cha Mozambique anali adani a Madeira. Choncho bwenzi lake, Gaspar Bocarro, anadzipereka kuyenda pamtunda kuchokera ku Tete mpaka ku Kilwa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kuti awalambalale. Njira yokhayo inali yodzera kwa Muzura.

Bocarro ananyamuka m'mwezi wa March. Atangowoloka Zambezi anagula zibangiri zamkuwa 1,000 kwa amisiri a m'mudzi wina, chifukwa m'njira zonse za kuno zibangirizo ndizo zinali ndalama zogulira zinthu zing'onozing'ono. Ife amene tinakula tikumva kuti ndalama zinabwera ndi azungu tiime pang'ono pamenepa. Mzungu uyu anayenera kusintha chuma chake kuti apeze ndalama za makolo athu, apo ayi akanagona ndi njala.

Atafika pa mudzi wa Muzura anachita monga achitira mlendo aliyense wodziwa mwambo. Anatsogoza mphatso za nsalu ndi mikanda. Kenaka anapereka chinthu chimene mwina sichinaperekedwepo kwa mfumu ina ya kuno m'zaka zimenezo, ndicho bedi lake logonapo, pamodzi ndi nsalu zake zotchinga, mtsamiro ndi zofunda. Wolemba nkhaniyo sanabise chifukwa chake: bedilo linali lolemera, ndipo kulisenza pamapewa mpaka ku Kilwa kukanatopetsa anthu. Choncho mphatso yaulemuyo inalinso njira yotula katundu. Muzura anabweza ndi minyanga iwiri ya njovu, nadyetsa mlendoyo ndi anthu ake onse kwa masiku 15, nampatsa anthu omperekeza. Sitikayika kuti m'malonda amenewo mwini mudzi sanaluze. Minyanga m'nkhokwe zake inkabwera yokha, pakuti pa mwambo wathu nyanga yogwera pansi ya njovu iliyonse yophedwa inali ya mwini dziko.

Operekezawo anamfikitsa Bocarro pa madzi aakulu ooneka ngati nyanja yamchere, amene iye anamva anthu akuwatcha Manganja, ndipo analemba kuti m'menemo mumatuluka mtsinje wa Nhanha umene kumunsi umatchedwa Chiry. Aliyense wolankhula chilankhulo chathu amva yekha mawu akuti nyanja, Mang'anja ndi Shire m'malembedwe okhotawa. Anawoloka, napitirira mpaka ku Kilwa, ulendo wa masiku 53 oyenda. Siliva uja sanafike kwa mfumu, pakuti Bocarro anakathera ku Mombasa nabwerera. Ndiponso mgodi waukulu wa ku Chicova, umene unadyetsa Apwitikizi chuma ndi miyoyo yambiri, sunapezeke.

Nkhani ya ulendowu inalowa m'buku la António Bocarro, mlembi wa boma ku Goa, lotchedwa Década 13 da História da Índia. Bukulo linakhala lolembedwa pamanja zaka zoposa 200, ndipo linasindikizidwa ku Lisbon mu 1876. Pamenepo n'kuti David Livingstone atafika kale pa nyanjayo mu 1859, atatamandidwa kale, ndipo atamwalira kale kwa Chitambo mu 1873. Pakati pa alendo awiriwa pali zaka 243. Ophunzira ena amati Bocarro anaona kumunsi kwenikweni kwa nyanja, ena amati anaona Malombe kapena Shire wa kumtunda. Mulimonsemo, onse awiri anachita kulondoleredwa ndi eni dziko amene ankawedza m'madzimo tsiku ndi tsiku.

Chibwenzi cha nkhwangwa

Mu 1622 Muzura anatembenukira kwa Lundu. Anapempha thandizo kwa Apwitikizi, amene anali asanaiwale za mu 1592, ndipo pamodzi anamgonjetsa. Kuyambira pamenepo njira ya Shire ndi maiko a kummawa amene ankhondo a Lundu anagonjetsa kale zinalowa m'dzanja la Muzura. Ichi ndicho chinamkweza pamwamba pa mafumu onse a kumpoto kwa Zambezi. Ndi chinthunso chimene sitingachiyamikire ndi mtima wonse, pakuti anaitana mfuti za alendo kudzathyola mbale wake. Komabe tisamchitire Lundu chisoni chopitirira. Ku Nsanje kuli kachisi wa Mbona ku Khulubvi, ndipo nthano imati Mbona, wolosera mvula, anaphedwa ndi anthu a Lundu, nadulidwa mutu, magazi ake nasanduka mtsinje. Bambo Matthew Schoffeleers, amene anakhala zaka zambiri m'chigwa cha Shire, anafotokoza m'buku lake la mu 1992, River of Blood, kuti nthanoyi imasunga chikumbukiro cha nkhanza zimene anthu wamba anaziona m'nthawi ya Lundu ndi Azimba. Mwina ambiri m'chigwamo anapumira m'mwamba pamene Lundu anagwa.

Chikondi cha nkhwangwa chikoma pokwera. Chaka chimodzi chokha chitapita, mu 1623, Gatsi Rusere anamwalira, ndipo Muzura anawolokanso Zambezi, tsopano mwa iye yekha, kufuna dziko la golide limene kale anakaliteteza. Apwitikizi sanafune kuti mfumu imodzi igwire magombe onse awiri a mtsinje. Ankhondo ake anabwerera kumpoto, ndipo ufumu wa Amaravi sunakhazikike kummwera.

M'chaka cha 1624 wansembe wina wa Chijezuiti, Luís Mariano, analemba kalata yofotokoza dziko la Muzura. Chimene chinamchititsa n'chodabwitsa. Anzake a gulu lake anali ku Ethiopia, kumene mfumu Susenyos inali itangolowa Chikatolika, koma madoko a Nyanja Yofiira anali m'manja mwa Aturuki. Ansembewo anaganiza kuti nyanja ya Amaravi ndi yaitali kotero kuti munthu atha kupalasa bwato kuchokera kwa Muzura mpaka kufupi ndi Ethiopia. Mariano anafotokoza za mudzi waukulu wotchedwa Maravi, wa anthu ambiri, kufupi ndi nyanja, ndi za mtsinje wotuluka m'nyanjamo umene umayamba modekha kenaka n'kugwera m'miyala mosalola bwato kudutsa. Awa ndi mathithi a Shire omwe aja amene anaimitsa sitima ya Livingstone mu 1859, ndipo ndi omwe amapukusa makina a magetsi pa Nkula kuyambira mu 1966. Ulendo wa ku Ethiopia sunachitike. Kalatayi inabweretsanso funso la kumene Muzura ankakhala. Schoffeleers, powerenga masiku a ulendo wa Bocarro, anaika mudzi wa mu 1616 cha ku Mwanza ndi Neno, pamene Mariano akunena za kunyanja. N'kutheka kuti atagonjetsa Lundu anasamukira ku likulu lakale la a Kalonga, kapena anali ndi midzi iwiri monga achitira mafumu ambiri.

Nkhondo yake yomaliza yodziwika ndi ya mu 1631. Apwitikizi anali atachotsa Mwenemutapa Kapararidze mu 1629 naikapo Mavura, munthu wowamvera. Kapararidze anabwerera ndi ukali, ndipo Apwitikizi mazana angapo anaphedwa m'misika ya golide ya kummwera. Muzura anaona kuti nthawi yakwana. Anagwirizana ndi Kapararidze natsikira ku Quelimane, khomo lolowera m'Zambezi kuchokera kunyanja yamchere, nalizinga. Akanaligwira, Sena ndi Tete zikanauma ngati nthambi yodulidwa. Kwa kanthawi, ulamuliro wonse wa Apwitikizi m'chigwacho unalendewera pa kaulusi. Koma mu 1632 Diogo de Sousa de Meneses anafika kuchokera ku chilumba cha Mozambique ndi asilikali a mfuti, namasula Quelimane, nabalalitsa Amaravi, kenaka n'kukagonjetsa Kapararidze. Zitatero Muzura anabwerera ku malonda, ndipo Apwitikizi nawo sanayese kulanda dziko lake. Aliyense anali atadziwa msinkhu wa mnzake.

Chuma cha ufumuwo

Mphamvu ya Amaravi sinali m'minyanga yokha. Anali ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo, ndipo makasu awo ankagulidwa m'chigwa cha Zambezi. Ankalima thonje nawomba nsalu yolimba yotchedwa machila, imene Apwitikizi ankaigula kuti akagulitsenso kummwera kwa mtsinje posinthana ndi golide. Nsalu yomweyi ikamangidwa pamtengo inkanyamula munthu, ndipo dzina lake linatsalira pa machila amene agogo athu ankasenzapo abwanamkubwa a atsamunda. Mawu amene ambiri timawakumbukira ndi ululu wa pamapewa anayamba ngati dzina la katundu wonyaditsa wa amisiri athu.

Nthaka nayo yachitira umboni. Dr Yusuf Juwayeyi, katswiri wofukula zakale wa ku Malawi, anakumba pa Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, ndipo anafotokoza zimene anapeza m'buku la mu 2020. Munatuluka mikanda yagalasi yochokera kutsidya la nyanja ya India, zidutswa za mbale zadothi za ku China, zinthu zamkuwa, zachitsulo ndi zaminyanga. Mayi wa Chichewa wa m'zaka zimenezo ankatha kuvala mkanda wopangidwa ku Asia, ndipo m'nyumba ya mfumu munali mbale imene inawoloka nyanja zikuluzikulu isanasenzedwe pamutu kuchokera kugombe.

Mu 1667 Bambo Manuel Barreto analemba za ufumu wa Amaravi pansi pa mfumu imene iye anaitcha Caronga. Anati ulamuliro wake unkayenda m'mbali mwa Zambezi mpaka ku Quelimane ndi kugombe loyang'anana ndi chilumba cha Mozambique, ndipo Lundu anali wachiwiri m'ufumuwo. Aka ndi kukula kumene Muzura anakumenyera nkhondo, ndipo apa dzina la Kalonga likuoneka poyera m'zolemba za alendo. Ojambula mapu a ku Ulaya a m'zaka za m'ma 1700 ankaika nyanja yaitali m'kati mwa Africa nalemba pambali pake kuti Maravi, asanaione ndi maso. Dzina lomwelo ndi limene Nyasaland anatenga polandira ufulu mu 1964.

Ufumu waukulu chotere unali wovuta kuugwira. Mafumu akutali anayamba kugulitsa minyanga paokha osadzera ku likulu, ndipo njira ya malonda yopita kugombe inagwa m'manja mwa Ayao. M'zaka za m'ma 1700 mphamvu inasendera kuno kwa Undi, kumene Apwitikizi ndi amalonda a ku Goa anabwera kudzakumba golide ku Mano, pafupi ndi kwathu kuno. Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu November 1835, tsiku limene dzuwa linadetsedwa ndi kadamsana, ndipo m'zaka zotsatira midzi yambiri ya Achewa inathawira m'mapiri ndi m'malinga. Kalonga womaliza wa kunyanja, Sosola, anaphedwa pa nkhondo ya Ayao m'zaka za m'ma 1860.

Mpando sunathere pomwepo, chifukwa mbumba ya Nyangu inali kwa Undi kuyambira kale lija. Mu 1935 Undi anachoka m'dziko la Apwitikizi nalowa m'Northern Rhodesia, ndipo maina atatu a Kalonga, Gawa ndi Undi anakhala pa munthu mmodzi. Mu 1984 a Kalonga Gawa Undi X, a Chivunga, anadzutsanso mwambo wa Kulamba pa Mkaika m'boma la Katete. Mu 2007 atsogoleri a maiko atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pamodzi pabwalo limenelo, ndipo mwa mafumu amene amabwera kudzalamba muli ochokera ku Tete, kumene Bocarro ananyamukira ndi bedi lake.